Za Imvi Zoyamba

Mawu a anthu a msinkhu wa pakati, onenedwa pa tsiku la Jubili ku Biwi



Pogawa ntchito za tsiku lino, akulu anapatsa agogo athu mpata wakusimba za chiyambi cha mpingo uno, napatsa ana nyimbo zawo, natiuza ifenso a pakati kuti tineneko kanthu. A pakati ndife amene tidabadwa kuyambira cha m'ma 1968 kufikira cha m'ma 1980. Tikakhala pabwalo la nkhalamba atituma kukatunga madzi. Tikafika pakati pa anyamata atinyamukira pampando. Tsitsi lathu layamba kuchita mawangamawanga, ndipo buku la nyimbo tiligwirira patali kuti zilembo zioneke.

Tisanadze kuno tidakomana madzulo ena kuti tipangane chonena. Poyamba yense anatula dandaulo lake: wina la mawondo, wina la msana, wina la ndalama za sukulu, wina la ntchito imene ili pafupi kutha. Koma mmodzi wa ife anayamba kutchula mayina a anzake amene anakhala nawo m'kalasi imodzi ali mwana, nafunsa kumene ali lero. Ndipo tonse tinayamba kuwerenga athu. Sitinafike nawo patali. M'chipindamo munangoti zii. Pamenepo tinadziwa chimene tiyenera kunena lero, ndicho ichi: imvi zimene ife tichita nazo manyazi ndizo mphatso imene anzathu ambiri anailakalaka, osailandira.

Mudziwa kuti mawu akuti Jubili achokera ku lamulo lakale la Aisraele, lolembedwa m'buku la Levitiko, mutu 25. Chaka cha 50 chikafika ankaliza lipenga, minda inkapumula, akapolo ankamasulidwa, ndipo munthu ankabwerera ku malo a makolo ake. Kuwerenga zaka kumeneko sikunali kwa kulira nako ayi, koma kwa kukonza nako zimene zidapotoka. Mpingo uli ndi Jubili yake. Munthu nayenso ali nayo yake. Ena a ife taipitirira pang'ono, ena tili pakhomo pake.

Njira imene tadzera

Tiyambe ndi kubadwa kwathu. M'zaka zimene ife tinali kubadwa, pa ana khumi obadwa m'dziko muno, pafupifupi atatu ankamwalira asanakwane zaka zisanu. Chikuku, malungo, kutsegula m'mimba, kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima zinali kuyenda m'midzi ngati mwini mudzi. Amayi athu, munthu akawafunsa za ana awo, ankawerenga kawiri: obadwa ndi otsala. Ambiri a ife tili ndi mkulu wathu kapena mng'ono wathu amene tingomudziwa dzina lokha. Ndipo tikapinda malaya tipeza chipsera cha katemera pamkono, mboni yakuti padali wina amene anatibereka kumsana nayenda nafe mtunda kunka ku sikelo. Nthomba, imene idaboola nkhope za agogo athu, idalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse lapansi mu 1980, ife tili ana.

Tidakula pamodzi ndi mzinda uno. Pa kalembera wa 1966 Lilongwe anali ndi anthu osakwana 20,000. Mu 1975 anasanduka likulu la dziko m'malo mwa Zomba. Pa kalembera wa 1977 anthu anali pafupifupi 99,000, ndipo pa kalembera wa 2018 anatsala pang'ono kukwana 1 miliyoni. Makolo athu ambiri adadza kuno kudzaumba njerwa, kudzamanga nyumba za boma ndi kudzagulitsa pamsika. Malo amene tinkathamangitsa ziwala ndi kukumba mbewa lero pali nyumba zothithikana. Mzinda umenewu palibe anena kuti wakalamba; onse anena kuti wakula.

Pa unyamata wathu tidaona chilala cha 1992, tidya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Pa 14 June 1993 tidaima pamzere kusankha pakati pa nyali ndi tambala, ndipo kwa ambiri a ife kumeneko ndiko kunali kuponya voti koyamba. Mu 2002 njala idabweranso, ife tili ndi ana aang'ono m'manja, ndipo tidaona abale ochokera kumudzi akugogoda pakhomo kupempha madeya.

Koma choopsa choposa zonse chinadza mwakachetechete. Matenda a Edzi anapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo anakula pa nthawi yomwe ife tinali kufunsira mbeta, kukwatiwa ndi kuyamba ntchito. Sadasankhe nkhalamba kapena makanda okha, monga achitira matenda ena; anatenga a msinkhu wathu, aphunzitsi, anamwino, amisiri, oimba kwaya. Inu a ku Biwi mukumbukira masabata amene tinkachoka pa maliro ena ndi kukalowa pa ena, osavula nsapato. Mukumbukira amisiri a matabwa a ku Mchesi, m'mene mabokosi a maliro adachulukira m'mbali mwa msewu kuposa mipando ndi makama. Akatswiri a zaumoyo ali ndi chiwerengero chosonyeza zaka zimene mwana wobadwa kumene angayembekeze kukhala ndi moyo. Cha m'ma 2000 chiwerengerocho kuno kwathu chinali pafupi ndi zaka 45. Ndiko kunena kuti msinkhu umene tili nawo lero, masiku amenewo unkawerengedwa ngati malire.

Ndipo mu 2004 boma lidayamba kupereka mankhwala a ma ARV mwaulere. Kuno ku Lilongwe anthu adayamba kulandira chithandizo ku Lighthouse, pa chipatala cha Kamuzu Central, ndipo mu 2006 kudatsegulidwa malo enanso pa chipatala cha Bwaila. Taona ndi maso athu anthu amene tidawanyamula pamachira akudzuka, nabwerera ku ntchito. Alipo pakati pathu amene amwa mankhwalawo zaka 20, ndipo lero afukata adzukulu. Amisiri aja anabwerera ku mipando, ku zitseko ndi ku makabati. Chiwerengero chija chapitirira zaka 60 tsopano. Pambuyo pake kunadza Covid-19 mu 2020 ndi 2021, kunadzanso kolera mu 2022 ndi 2023; tidataya ena, koma taonani, tili pano.

Tisadzinyenge, abale. Sitidatsale chifukwa tinali anzeru kapena olungama kuposa anzathu amene adagona. Ena a iwo anali abwino kutiposa, ndipo akadafika chaka chimodzi kapena ziwiri kutsogolo, mankhwala akadawapeza. Chifukwa chake kuyamika kwathu sikuyenera kukhala kwa kudzitama, koma kwa munthu amene wawoloka mtsinje wodzala, nacheuka, naona kuti si mphamvu zake zidamuwolotsa. Tiyamika Mulungu, tiyamika amayi amene adatilera, tiyamika anamwino ndi madokotala, ndi inu akatekisiti amene mudayenda khomo ndi khomo masiku amene anthu ankaopa kugwira dzanja la wodwala.

Zimene msinkhu uno watipatsa

Nanga bwanji tibisa zaka zathu? Ena tithira mankhwala akuda kumutu, ena tichotsako zaka zisanu pouza anthu, ena tikwiya mwana akatitcha agogo. Kuda tsitsi si tchimo, ndipo sitidzaletsa munthu. Koma tifunse mtima: chimene tichita nacho manyazi n'chiyani? Tiyeni tiwerenge zimene tili nazo lero, zimene tinalibe tili ndi zaka 25.

Tili ndi dzanja lodziwa ntchito. Pitani m'magalaja a pa Biwi Triangle, mukaone makaniko wa imvi: mnyamata akali kumasula ichi ndi icho, iye angotchera khutu ku injini, nanena pamene pali vuto. Mayi wa msinkhu wathu aika dzanja pachipumi pa mwana, nadziwa ngati nkwa kudikira m'mawa kapena nkwa kuthamangira ku chipatala usiku womwewo. Nzeru zimenezi sizigulidwa pamsika, ndipo sizilowa mwa munthu msanga.

Tili ndi mtima wodekha. Kale mawu amodzi a mnansi ankatisowetsa tulo sabata lathunthu; lero tidziwa kuti zambiri zimene tinkaziopa sizidachitike, ndi kuti zimene zidachitikazo tidazipirira. Tidziwa anzathu enieni, pakuti taona amene adafika pa tsiku la tsoka. Amene tili pabanja tadziwa kuti ukwati suima pa tsiku la chikondwerero, koma pa masiku wamba. Amene tidaferedwa kapena kusiyidwa tadziwa kuti mtima wosweka umapola, ngakhale chipsera chikhalapo. Makolo adati akulu ndi mdambo mozimira moto. Tinkamva mwambiwu tili ana ngati wonena za ena. Lero wayamba kunena za ife.

Sitikana kuti katundu wa msinkhu uno ndi wolemera. Kumwamba kuli makolo okalamba ofuna mankhwala ndi feteleza, kumunsi kuli ana ofuna ndalama za sukulu, pambali pali ana amasiye a abale athu. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo kandalama kamene tinkasunga kadasungunuka ngati mchere m'madzi. Ambiri a ife tigwira ntchito za manja athu kapena za malonda, ndipo palibe penshoni imene itidikira. Zonsezi ndi zoona. Koma katundu asenzetsa munthu wamoyo, ndipo amene ayang'ana kwa ife atero chifukwa aona kuti tili ndi mphamvu.

Zaka zimene zili m'tsogolo

Pali chinthu chimene ambiri sachimvetsa pa chiwerengero chija cha zaka za moyo. Munthu akamva kuti ndi zaka 60 ndi mphambu, aganiza kuti iye wa zaka 50 watsala ndi khumi zokha. Si choncho ayi. Chiwerengerocho achipeza pophatikiza onse, ndi makanda omwe amene amwalira asanayende, ndipo imfa za ana ndizo zichikokera pansi. Koma munthu amene wapyola ubwana, napyola unyamata, nafika zaka 50, kawirikawiri ali nazo zina 20 kapena kuposa. Tsiku la munthu alidziwa ndi Mwini moyo yekha. Koma si nzeru kukhala ngati wapaulendo womanga katundu, dzuwa likali pamutu.

Talingalirani zimene zichitika m'zaka 20. Mwana wobadwa lero atha sukulu ya sekondale. Mtengo wa mango wodzala lero ubala kambirimbiri, nupatsa mthunzi. Munthu aphunzira ntchito yatsopano, namanga nyumba chipinda chimodzichimodzi. Mayi Vera Chirwa, mkazi woyamba wa m'Malawi kukhala loya, adatuluka m'ndende mu January 1993 ali ndi zaka 60, atakhalamo zaka zoposa khumi ndi kutayiramo amuna awo. Sadakakhale pakhonde, koma adayamba ntchito yoteteza ufulu wa anthu, makamaka a m'ndende, m'dziko muno ndi mu Africa. Agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, adaimba zaka zambirimbiri. Ndipo mu 2020, ali ndi zaka 90, adaimba pamodzi ndi Patience Namadingo, mawu awo namveka m'maiko amene iwo sadapondemo. Sitinena kuti tonse tidzatchuka. Tingonena kuti munthu wa zaka 50 alibe chifukwa chakunena kuti zake zatha.

Ngongole ya munthu wotsala

Kuyamika kwa pakamwa pokha n'kosavuta. Ife tapangana zinthu zinayi zimene tifuna kuchita, ndipo tizinena pamaso pa mpingo kuti mudzatifunse.

Choyamba, tisunge thupi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 adapeza kuti pa akulu atatu a zaka 25 kufikira 64, mmodzi anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene ambiri aitcha BP, ndipo ochuluka a iwo sanali kudziwa. Nthendayi siipweteka poyamba. Ibisala zaka zambiri, kenaka igwetsa munthu, nimuumitsa ziwalo mbali imodzi, anthu nayamba kuloza zala anansi. Kuyezetsa kwake sikutenga nthawi. Tipite ku chipatala cha Kawale kapena ku Bwaila tikayezetse magazi ndi shuga, tisanadwale. Tichepetse mchere, mafuta ndi zotsekemera. Tiyende pansi pamene tingathe. Amene tidayamba mankhwala tisaleke chifukwa tamva bwino. Amayi akayezetse khansa ya khomo la chiberekero, imene ichizika ikapezeka msanga. Ndipo abambo tileke kuyesa kuti kupita ku chipatala ndi mantha. Kungakhale kupusa kwakukulu kupulumuka mkango, ndi kudzafa ndi minga imene tidakana kuizula.

Chachiwiri, timasule. Jubili inali chaka chomasula. Alipo pakati pathu amene sayankhulana ndi mlongo wawo chiyambire maliro a amayi. Alipo amene asunga mawu amene wina adanena zaka 15 zapitazo. Zaka zotsalazi n'zamtengo wapatali, sitingazithere pa kusunga chakukhosi. Ndipo tikonze za m'nyumba zathu. Tidaona m'zaka za maliro zija akazi amasiye akulandidwa nyumba, makama ndi mapoto omwe. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 liletsa kulanda kotero, ndipo lilola munthu kulemba wilo. Kulemba wilo si kuitana imfa. Ndiko kutchinjiriza ana kuti asadzakangane pa puloti imodzi ya ku Biwi.

Chachitatu, tiimire nkhalamba. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powanamizira ufiti, ndipo nkhani zotere zamvekanso m'maboma ena. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Koma lamulo lili m'buku, pamene nkhalamba ili kuseri kwa nyumba yathu. Gogo amene aiwala mayina a adzukulu, nayankhula yekha, nasochera usiku, si mfiti. Ubongo wake wakalamba monga akalambira maso ndi mawondo. Ife a pakati ndife tili ndi mawu omveka kwa anyamata. Tikakhala chete lero, tidziwe kuti mpando umene akhalapo agogowo ndi womwewo tidzakhalepo ife, ndipo ana aphunzira poona m'mene tichitira.

Chachinayi, tipatse ana zimene tili nazo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo theka la iwo anali osakwana zaka 18. Dziko lino ndi la ana, ndipo akulu ndife ochepa. Ana amene adasiyidwa m'zaka za maliro zija lero ndi abambo ndi amayi a zaka 25 ndi 30. Ambiri alibe malume wowaimira, alibe azakhali owalangiza, alibe wakumufunsa banja likagwedezeka. Makolo awo anali anzathu a m'kalasi, mayina aja tinawatchula madzulo aja. Ngati tifuna kuwalemekeza, tikhale ankhoswe a ana awo. Mmisiri atenge mnyamata mmodzi amuphunzitse ntchito. Mayi wa malonda aonetse msungwana m'mene asungira mpamba. Ana athu obadwira m'tauni tiwauze mfunda wawo, dzina la mudzi ndi la mfumu yawo, tipite nawo akaone manda a makolo, pakuti tikapanda kutero ife, palibe wina adzawauza.

Kwa inu akatekisiti tili ndi pempho. Mumayendera odwala, mumaphunzitsa ana, mumatonthoza nkhalamba, ndipo tithokoza. Koma musatipitirire ife a pakati poyesa kuti tili bwino chifukwa tiyenda chilili. Alipo abambo amene ntchito idawathera, nachita manyazi kunena. Alipo amayi amene thupi lawo likusintha, nasowa wakumufunsa. Tiyendereni, ndipo tipatseni ntchito. Ndi inu anyamata ndi asungwana, musaope kukula. Mukationa tikuseka ndi mano otsalawa, dziwani kuti kutsogolo kumene mukupitako kuli zokoma zimene simunazilawe.

Amene mudalimako mudziwa kuti ntchito ya tsiku siithera pa dzuwa la paliwombo. Mlimi apuma pang'ono pamthunzi, namwa thobwa, nayang'ana mizere imene walima ndi imene yatsala, nanolanso khasu lake. Tsiku la Jubili lino ndilo mpumulo wotero, kwa mpingo ndi kwa ife. Tayang'ana m'mbuyo, tapeza chifukwa chakuyamika. Tayang'ana kutsogolo, tapeza kuti munda ukalipo.

Tsono tipempha chinthu chimodzi tisanakhale pansi. Onse a zaka 45 kufikira 57 aimirire, osabisa, kuti mpingo uwaone. Agogo athu, tidalitseni. Ana athu, tiwerengeni, ndipo pa Jubili ikudzayo mudzatifunse ngati tidasunga zinayi zija.